Njerwa, nkhuni ndi simenti: maganizo a mainjiniya pa kamangidwe kosamala chilengedwe kwa Nthache

Pakati pa akatswiri onse amene amagwira ntchito pa chimango chachikulu pali mmodzi amene ntchito yake sioneka ndi maso nyumba ikatha, ndipo ameneyu ndi injiniya woona za kulimba kwa nyumba. Katswiri wojambula mapulani amaganiza za maonekedwe, kukula kwa zipinda ndi kumene khomo liyang'ane, pomwe injiniyayu amawerengera kulemera kwa denga, makoma, katundu ndi anthu, n'kupeza njira yoti kulemera konseko kutsikire m'nthaka popanda chong'aluka kapena chogwa. Iye ndiye amanena kuya kwa maziko, kunenepa kwa khoma, kukula kwa zipilala ndi kuchuluka kwa zitsulo zolowa m'konkire, kotero kuti simenti, njerwa ndi zitsulo zambiri zimene chimango chimadya zimachokera pa masamu ake. N'chifukwa chake nkhani yomanga mosawononga chilengedwe, imene ambiri amaiona ngati ya alangizi a zankhalango, yafika pa tebulo la injiniya, ndipo mmene iye amailandirira zimakhudza mitengo, mitsinje ndi matumba a anthu okhala kutali kwambiri ndi ofesi yake.

Dera la Mfumu Yaikulu Nthache m'boma la Mwanza ndi limodzi mwa malo otere. Bomali, limene pa kalembera wa 2018 linapezeka ndi anthu opitirira pang'ono 130,000, lili m'malire ndi Mozambique, ndipo msewu wa M6 wochokera ku Blantyre umadutsa m'menemo kukafika pa chipata cholowera ku Zobue ndi ku Tete. Limadziwika ndi manachesi, komanso kwa zaka zambiri lakhala, pamodzi ndi boma la Neno, gwero la makala ophikira mumzinda wa Blantyre, zimene zachepetsa mitengo yachilengedwe m'mapiri ake ndi kuika nkhalango yotetezedwa ya Thambani pa chiopsezo. Ntchito ya mainjiniya imaoneka m'bomali pa zinthu zikuluzikulu, monga njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala, imene inafuna milatho ndi konkire yochuluka, ndiponso pa midadada ya sukulu, zipatala zing'onozing'ono ndi milatho ya m'misewu ya m'midzi. Koma nyumba zokhala anthu, zimene ndi zochuluka kuposa zomanga zina zonse, zimamangidwa ndi amisiri a m'mudzi momwemo, popanda pulani yolembedwa ndiponso popanda injiniya woponda pamalopo.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, mpofunika kuyamba ndi uvuni, chifukwa ndi pamene nyumba ndi nkhalango zimakumana. Zokolola zikalowa m'nkhokwe, banja lofuna kumanga limakumba dothi pa chulu kapena m'mphepete mwa dambo, kuliponda ndi madzi mpaka lifewe, kulithira m'chikombole ndi kuyala zidina pabwalo, n'kuzifunditsa udzu kuti dzuwa lisazing'ambe. Zikauma amazisanja mulu waukulu wokhala ndi makomo kunsi, kumata matope kunja konse, kenako kulowetsa m'makomomo zipika zathunthu za mitengo yachilengedwe monga tsanya, muwanga ndi mombo, popeza mitengo yolimba ndiyo imasunga moto nthawi yaitali. Anthu amachezera kusonkhezera usiku ndi usana, ndipo uvuni ukazizira n'kuphwasulidwa umaonetsa njerwa za mitundu itatu: zapafupi ndi moto zimatuluka zakuda, zopindika ndiponso zina zomatana, zapakati zimakhala zofiira bwino ndipo zimalira ngwee zikagundanitsidwa, zakunja zimakhala zotuwa, zosapsa, zoti munthu akhoza kuzinyenya ndi chala. Mlangizi wa zankhalango akayang'ana uvuniwo amaona mitengo imene yapita, pomwe injiniya amaona chinthu china chimene chimamusowetsa mtendere mofanana, ndicho khoma limodzi lomangidwa ndi njerwa za mphamvu zosiyana, zimene sangathe kuziika m'masamu ake molimba mtima.

M'chaka cha 2018 boma, kudzera m'bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la National Construction Industry Council, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, linatulutsa malamulo oletsa kugwiritsa ntchito njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda, ndipo linalimbikitsa zipangizo zina zosadya mitengo. Chimene chinatsatira n'chodziwika kwa aliyense woyenda m'misewu ya dziko lino: mabuloko a simenti anayamba kuumbidwa pafupifupi pa tauni iliyonse, ndipo midadada yatsopano ya sukulu inasintha mtundu kuchoka pa kufiira kupita pa kutuwa. Mainjiniya sanavutike kulandira bulokoyo, ndipo chifukwa chake n'chomveka, pakuti simenti ndi chinthu chimene anachiphunzira mozama, chimene khalidwe lake linalembedwa m'mabuku, ndipo mphamvu yake ikhoza kuyezedwa pophwanya zitsanzo m'makina pakatha masiku 28.

Komabe buloko ya simenti siinathetse funsolo, inangolisamutsira kwina. Simenti imapangidwa powotcha miyala ya laimu pamodzi ndi dongo pa moto wofika madigiri pafupifupi 1,450 kuti patuluke timiyala totchedwa clinker, timene timaperedwa kukhala ufa uja wa m'thumba, ndipo pa ntchitoyi mpweya wa kaboni umatuluka kawiri, kuchokera ku malasha owotchera komanso kuchokera m'mwala weniweniwo pamene ukusweka ndi moto. Pa dziko lonse, kupanga simenti kumatulutsa magawo 7 kapena 8 pa magawo 100 alionse a mpweya wa kaboni umene anthu amatulutsa, umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza kagwedwe ka mvula. Ngakhale kuti ku Kasungu kuli fakitale ya Shayona ndipo ku Mangochi kuli ina, dziko la Malawi lakhala likudalirabe simenti ndi clinker zochokera kunja, kotero kuti ndalama zakunja zikasowa mtengo wa thumba umakwera, ndipo munthu wa kwa Nthache amene amadalira manachesi ndi nandolo amabwereranso ku uvuni. Buloko imafunanso mchenga wambiri, umene umakumbidwa m'mitsinje mpaka magombe kugumuka ndi minda ya m'mphepete kudyeka. Pamwamba pa zonsezi pali vuto la kaumbidwe: woumba wofuna phindu amatambasula thumba limodzi kuti litulutse mabuloko ochuluka kuposa muyezo, sawathirira madzi kwa masiku okwanira kuti akhwime, ndipo buloko yotere, ngakhale ioneke yamakono, ikhoza kuchepa mphamvu poyerekeza ndi njerwa yofiira yopsa bwino.

Pali njira yachitatu imene imaoneka yoyenera kwambiri dera ngati la Nthache, ndiyo njerwa za dothi zopanikiza, zimene amisiri amazitchula ndi zilembo zakuti SSB. Dothi la pamalo pomwepo limasefedwa, kusakanizidwa ndi simenti yochepa, kawirikawiri magawo apakati pa 5 ndi 10 pa 100 alionse, kunyowetsedwa pang'ono, kenako kupanikizidwa mwamphamvu m'makina oyendetsa ndi manja kapena ndi injini, ndipo njerwayo imakhwimira pa mthunzi popanda kuona moto. Njerwa zina zamtunduwu zimakhala ndi mano olumana, kotero kuti zimafuna matope ochepa kwambiri pomanga. Kuti zimagwira ntchito, umboni ulipo m'dziko momwe muno. Nyumba zodikirira amayi oyembekezera pa chipatala cha boma ku Kasungu, zimene zinajambulidwa ndi bungwe la MASS Design Group ndi kutsirizidwa mu 2015, zinamangidwa ndi njerwa zotere; kampani ya 14Trees, imene dzina lake likuchokera pa chiwerengero cha mitengo imene iwo amati imapulumuka pa nyumba imodzi yaing'ono, inagulitsa njerwa zamtunduwu pansi pa dzina lakuti Durabric. Kunja kwa dziko lino, Francis Kéré wa ku Burkina Faso, amene anayamba kudziwika ndi sukulu ya njerwa za dothi ya kwawo ku Gando yomangidwa mu 2001, analandira mu 2022 mphoto ya Pritzker, imene ndi yapamwamba kwambiri pa luso lojambula nyumba.

Ngati umboni uli wotere, n'chifukwa chiyani injiniya akapatsidwa ufulu wosankha amathamangirabe ku buloko ndi konkire? Ena amafulumira kunena kuti ndi kuuma mutu kapena kunyoza zakwathu, koma kuweruza kotere sikuona mtolo umene munthuyu amasenza. Injiniya amasayina mapulani, ndipo khoma la kalasi likagwera ana, dzina limene limafunsidwa ndi lake, chiphaso chimene chingalandidwe ndi chake, ndipo chikumbumtima chimene chidzamuvutitse moyo wonse ndi chake. Simenti ya m'thumba imakhala yofanana kaya yagulidwa ku Mwanza kapena ku Karonga, koma dothi limasintha pa mtunda waufupi: la pamtunda likhoza kukhala la mchenga wambiri, la kumunsi kwa munda womwewo n'kukhala la makande, lotupa likanyowa ndi kung'aluka likauma. Njerwa yopanikiza imalimba pokhapokha dothi litasankhidwa bwino, muyezo wa simenti utasungidwa pa wilibala iliyonse, ndiponso njerwazo zitafunditsidwa ndi kuthiriridwa mokhulupirika, ndipo zonsezi zimafuna munthu woyang'anira tsiku ndi tsiku. Makina oyezera mphamvu ya zipangizo ali m'mizinda ikuluikulu, pomwe ndalama zoti injiniya aziyendera ntchito ya kumudzi kawirikawiri ndizo zimayamba kudulidwa bajeti ikaperewera. Munthu amene akudziwa kuti adzafika pamalo omangapo kawiri kapena katatu kokha amasankha chinthu chimene chingapirire zolakwa za ena, ndipo m'maso mwake chimenecho ndi konkire yonenepa.

Maphunziro nawonso ali ndi gawo lake. Kwa zaka zambiri mainjiniya a dziko lino, ambiri mwa iwo ophunzira pa sukulu ya Polytechnic ku Blantyre imene tsopano ndi yunivesite ya MUBAS, akhala akuwerengera zomanga potsata miyezo ya ku Britain, yolembedwa poganizira konkire, zitsulo ndi njerwa za m'fakitale, m'dziko limene mulibe chiswe chonga cha kuno, anamondwe a kunyanja yotentha kapena zivomezi zazikulu. Dothi, nsungwi ndi mdindo, umene ndi kamangidwe kakale kosinja dothi lonyowa pang'ono pakati pa matabwa, zinali ndi malo ochepa m'maphunziro otere. Mwini chimango nayenso amakoka mbali yomweyo, popeza m'maganizo a anthu ambiri nyumba ya dothi ndi chizindikiro cha umphawi umene munthu akuuthawa, ndipo komiti ya sukulu imene yadikira mdadada zaka zambiri ikamva kuti umangidwa ndi dothi imayamba kukayikira kuti wina wadyapo ndalama. Maganizo amenewa si opusa, chifukwa anthuwa aona nyumba za zidina zikugwa ndi mvula, ndipo palibe amene anawaonetsa kusiyana kwa chidina ndi njerwa yopanikiza.

M'maiko olemera mainjiniya ayamba kudzifufuza okha pa nkhaniyi. Kafukufuku wa Muiris Moynihan ndi Julian Allwood wa pa yunivesite ya Cambridge, wofalitsidwa mu 2014, anaunika mitanda yachitsulo yopitirira 10,000 m'nyumba 23 ndipo anapeza kuti, pa avereji, mitandayo inali kusenza katundu wosafika theka la mphamvu yake, kutanthauza kuti chitsulo chochuluka chinalowa m'nyumbazo kuti ntchito iphweke ndi kufulumira, osati chifukwa chinafunikadi. Mu 2019 makampani a mainjiniya ku Britain anasayinirana chikalata chovomereza kuti kusintha kwa nyengo ndi ngozi imene ntchito yawo ikuikulitsa, ndipo ku America kuli pangano lotchedwa SE 2050, limene cholinga chake n'chakuti pofika 2050 mafupa a nyumba, ndiye kuti maziko, zipilala ndi mitanda, asamawonjezerenso kaboni mumlengalenga. Kumeneko vuto lalikulu ndi kuchulutsa zipangizo. Ku Malawi mavuto awiri amakhala pamodzi: pa zomanga za boma injiniya amawonjezera simenti ndi zitsulo poopa kuti zina zibedwa kapena mchenga ukhala wamatope, pomwe pa nyumba ya m'mudzi zipangizo zimachepa mpaka kufika poopsa.

Kuchepa kumeneku ndiko kumene kuyenera kusintha kamvedwe ka mawu akuti kusamala chilengedwe m'dera ngati la Nthache. Dziko la Malawi lili m'chigwa chachikulu chong'ambika cha kum'mawa kwa Africa, kumene nthaka imagwedezeka nthawi ndi nthawi: chivomezi cha ku Salima cha pa 10 Malichi 1989 chinapha anthu ndi kusiya zikwizikwi opanda pokhala, ndipo zivomezi zotsatizana za ku Karonga mu Disembala 2009 zinagwetsa ndi kung'amba nyumba zambirimbiri. Kumwera kuno mdani wamkulu ndi madzi ndi mphepo, monga zinaonekera pa kusefukira kwa madzi kwa 2015, pa namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022, ndi wa Freddy mu Malichi 2023, amene anapha anthu mazanamazana ndipo boma la Mwanza linali limodzi mwa maboma okhudzidwa. Nyumba imene yagwa imamangidwa kawiri, ndipo kumanga kawiri ndi mauvuni awiri, mitengo ya denga iwiri ndi ngongole ziwiri. Potero nyumba ya njerwa zowotcha yokhala zaka 50 ikhoza kuwononga mitengo yochepa kusiyana ndi nyumba ya zipangizo zotamandika imene yagwa patatha zaka zisanu, ndipo apa kusamala kwa injiniya, kumene ena amakuona ngati chopinga, kumasanduka chinthu chimene chilengedwe chikuchisowa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zinthu zimene zimagwetsa nyumba za m'midzi n'zodziwika ndipo zambiri si zodula kukonza. Zivomezi za ku Karonga zitachitika, boma ndi mabungwe othandiza analemba malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, ndipo pambuyo pake akatswiri a yunivesite ya Bristol pamodzi ndi a Polytechnic anayeza m'makina makoma omangidwa monga mmene amisiri a kuno amamangira, n'kupeza kuti kufooka kwakukulu kuli pa kugwirana kwa njerwa ndi matope omangira. Munthu akaima pafupi ndi nyumba ya m'mudzi mvula ya Januwale ikugwa akhoza kuona yekha mmene kugwa kumayambira: madzi otsika pa malata aafupi amamenya pansi n'kuthovukira pa mizere itatu kapena inayi ya njerwa zapansi, matope a dothi a pakati pa njerwazo amasungunuka pang'onopang'ono, chinyezi chimakwera kuchokera m'maziko, ndipo khoma, limene nthawi zambiri ndi la njerwa imodzi yogoneka m'litali pofuna kusunga njerwa, limatsala litaima pa phazi lofewa. Mphepo ikadzawomba, denga lokhomedwa pa mitengo yongosanjikidwa pamwamba pa khoma limanyamuka lonse, ndipo makoma osamangirirana pa ngodya amatseguka ngati chitseko.

Mankhwala ake ndi maziko okwera pamwamba pa nthaka, pepala lakuda lapulasitiki loyalidwa pa maziko kuti chinyezi chisakwere, khonde lotambalala ndi denga lotulukira kunja lotchinga makoma, khoma lonenepa mokwanira ndi lolumana bwino pa ngodya, mazenera osayandikira kwambiri ngodya, lamba wa konkire kapena wa matabwa wozungulira nyumba yonse pamwamba pa zitseko ndi mazenera, amene amisiri amamutcha ring beam, ndiponso waya womangirira mitengo ya denga ku khoma mizere ingapo kunsi. Banja limene lili ndi matumba asanu okha a simenti limapindula kwambiri likawaika pa maziko, pa mizere yapansi ndi pa lamba ameneyu kusiyana ndi kuwathera pa pulasitala wa kumaso kwa nyumba, ndipo kudziwa pamene thumba lililonse lingagwire ntchito yaikulu ndilo luso lenileni la injiniya. N'zochititsa chidwi kuti khonde lozungulira nyumba, limene makolo ankamanga kalekale pa nyumba za mdindo ndi zomata, linkachita ntchito yomweyi, ndipo linayamba kutha pamene malata odula anachititsa anthu kufupikitsa denga.

Za mitengo ya denga n'zosafunika kutalikitsa. Nkhalango ya paini ya Chikangawa itaonongeka ndi moto komanso kudula kosabwezeretsa, matabwa abwino anakwera mtengo, ndipo mainjiniya ambiri anatembenukira ku zitsulo zochokera kunja. Bulugamu ndi nsungwi zimamera bwino m'madera ambiri a kumwera ndipo zikhoza kusenza denga la nyumba wamba, koma popanda kuzipaka kapena kuziviika m'mankhwala, chiswe ndi afumbwe amazimaliza msanga, ndipo injiniya sangalembe pa pulani chinthu chimene sakudziwa kuti chikhala zaka zingati.

Funso lotsala ndi la njira imene nzeru zimenezi zingafikire kwa Nthache, popeza mainjiniya ndi ochepa ndipo ambiri ali ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Malo amene injiniya ndi mmisiri wa m'mudzi amakumana ndi pa ntchito za khonsolo, monga mdadada wa sukulu, nyumba ya mphunzitsi kapena chipatala chaching'ono, ndipo mmisiri amene wagwira ganyu pamenepo amatengera kwawo zonse zimene waona, zabwino ndi zoipa zomwe. Ngati mdadada wamangidwa ndi pulani imodzi yojambulidwa ku likulu kuti igwire ntchito m'maboma onse, mmisiriyo amangophunzira kuti chitukuko ndi buloko, chinthu chimene anthu a m'mudzi mwake sangachikwanitse. Koma ngati injiniya wafika, wayang'ana dothi la pamalopo, wafotokozera komiti ndi mafumu chifukwa chimene wasankhira njerwa yopanikiza kapena waikanira, ndipo walola kuti amisiri ophunzitsidwa kudzera m'bungwe la TEVETA agwire limodzi ndi amisiri ophunzira pa ntchito, mdadadawo umaphunzitsa akuluakulu usanayambe kuphunzitsa ana.

Mayeso oyamba a dothi safuna n'komwe makina a mumzinda. Dothi lokumbidwa kunsi kwa nthaka yachonde limathiridwa m'botolo loonekera mkati mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, amadzazamo madzi, kukhutchumula mwamphamvu ndi kulisiya pamalo osagwedezeka; mchenga umakhazikika pansi nthawi yomweyo, fumbi losalala limatsatira pakapita kanthawi, ndipo dongo limatsika pomalizira, nthawi zina mawa lake, kotero kuti mizere itatu imaoneka bwinobwino ndipo ikhoza kuyezedwa ndi lula ya mwana wa sukulu. Dothi loyenera njerwa yopanikiza ndi simenti limakhala ndi mchenga wochuluka ndi dongo lochepa longokwanira kumata, ndipo ngati dongo lachuluka, mmisiri amadziwa kuti awonjezere mchenga kapena akakumbe pena. Njerwa zoyamba zikakhwima, zingapo zimamizidwa m'ndowa ya madzi usiku wonse kuti zioneke ngati zisungunuka, zina zimakandidwa ndi msomali pofuna kuona kuuma kwake, ndipo zikapambana mayeso amenewa ndi pamene injiniya amatenga zitsanzo zochepa kupita nazo ku Blantyre kuti makina akaziphwanye ndi kumupatsa nambala imene angaisayinire.